Mbalame Inalira m'Bokosi Langa

Ntchito yanga yoyamba ndinaipeza chifukwa cha wailesi ya munthu wina imene inkalira ngati yadwala chimfine. Kunali kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980. Ndinali nditangomaliza maphunziro okonza mawailesi pa koleji ina mu Nairobi, ndipo chilolezo changa chokhalira m'Kenya ngati mwana wa sukulu chinali chitatsala pang'ono kutha. Mkazi wanga Esinati anali atanditsatira kuchokera ku Dedza, mwana wathu Tiyamike ali kumsana, ndipo tinkapanikizana m'kachipinda kamodzi ka malata ku Kawangware. Popanda ntchito panalibe chilolezo, ndipo popanda chilolezo tinayenera kubwerera kumudzi chimanjamanja, ine nditadzitama kale m'makalata kuti Nairobi ndamugwira pakhosi.

Wailesiyo inali ya a Nyirenda, Mmalawi mnzathu amene ankagwira ntchito ku bungwe lina la mayiko ambiri. Lamlungu lina titaweruka ku mapemphero anandiitanira kwawo. Ndinaitsegula, ndinapeza kawaya kamodzi katathothoka, n'kukawotcherera.

"Achimwene, manja muli nawo," anatero a Nyirenda. "Mawa mukwere matatu, maminibasi a kunowa, ya ku Industrial Area, mukafunse kampani yojambula mafilimu a nyama. Mukanene kuti ndakutumani ndine. Koma musakayankhule zambiri, Chingerezi chanucho n'cha m'mabuku."

Kampaniyo inali m'shedi pakati pa malo ogulitsira matayala ndi fakitale ya mabisiketi, moti tsiku lonse tinkanunkhiza shuga wopserera. Mwini wake anali a Rowland, mzungu wamtali, wopsa ndi dzuwa, amene ankayankhula akuyang'ana pamwamba pa mutu wako. Anandipatsa miyezi itatu yondiyesa. Akakhutira, adzasayina mapepala anga a chilolezo.

Anandipereka m'manja mwa a Wekesa, mkulu wa zojambula mawu, bambo wa kumadzulo kwa Kenya amene dzina langa loti Mbewe sanavutike nalo. Ankangonditchula kuti Malawi. Kwa amene simukuidziwa ntchitoyi, wojambula zithunzi amagwira kamera, koma kulira kwa mkango kapena kwa njiwa kumene mumamva mufilimu kumakhala kwagwidwa ndi munthu wina. Makina athu anali bokosi lolemera lopachika paphewa, la magudumu awiri a tepi pamwamba. M'mawa umapukuta timitu tosindikiza mawu ndi thonje lonyowetsa sipiriti, umakoleka tepi, umanena pa maikolofoni malo ndi nthawi, kenako umayang'anira kasingano kuti kasalowe pofiira. Mbalame ikakhala kutali, maikolofoni umaimangirira pakati pa chimbale chachikulu chosonkhanitsa mawu, n'kuchilozetsa komweko, iwe utavala mahedifoni. Ukatero umaima ngati chitsa. Ngakhale kumeza malovu kumamveka pa tepi.

A Wekesa anali ndi lamulo limodzi limene sankalola kuti ulilumphe. M'mawa uliwonse, musananyamuke, umabweza pang'ono tepi ya dzulo n'kuimvetsera, kuti udziwe ngati makina akuzungulira pa liwiro loyenera.

"Pole pole, Malawi," ankatero, kutanthauza kuti pang'onopang'ono. "Makina ndi mlamu. Poti dzulo anakusekerera, usaganize kuti lero sufunika kumupatsa moni."

M'mwezi wachitatu a Rowland anapeza ntchito yokajambula anyani ofiira otchedwa orangutani ku chilumba chakutali cha Borneo. Ine ndinkayesa kuti Borneo ndi chapatsogolo pa Mombasa. Patatsala masiku ochepa, a Wekesa anadwala khutu ndipo dokotala anawaletsa kukwera ndege. A Rowland anandiyang'ana kumaso koyamba chibwerere changa, n'kunena kuti ndikajambulitse zithunzi za pasipoti.

Ulendowo sindingaufotokoze bwino chifukwa nanenso sindinaumvetse. Tinakwera ndege, ina, inanso, kenako basi, kenako bwato lalitali la injini kumbuyo. Wotchi yanga inkati ndi m'mawa dzuwa likulowa. Nkhalango yake si ya kwathu kuno yoti uli mkati ukuona phiri. Mitengo inatseka kumwamba konse, thukuta silinkauma, ndipo misundu inkalowa m'sokosi popanda odi.

Tinafikira kwa anthu a mtundu wa Iban. Mudzi wonse unali nyumba imodzi yaitali yomangidwa pamwamba pa mizati m'mbali mwa mtsinje, banja lililonse ndi chitseko chake, khonde limodzi la onse. Tsiku loyamba ndinayenda khonde lonselo kufunafuna pamene nyumba ya uyu yathera ndi pamene ya uyo yayambira, anthu akundiseka. Kudenga kwa khondelo kunapachikidwa zigaza za anthu zakuda ndi utsi. Anandiuza kuti n'za nkhondo za makolo, ndipo amazisamala kuti zisakwiye. Pansi pake pomwepo amayi ankaluka mikeka, wina akumvetsera nyimbo pa wailesi. Anatipatsa mowa wa mpunga. Ine wa kwaya, sindimwa, koma ananditsina khutu kuti kukana n'kutukwana, bola ungokhudzitsa mlomo. Ndinakhudzitsa, iwo anaonjezera.

Wotimasulira anali Jimbun, bambo wa msinkhu wanga amene anagwirapo ntchito m'tauni. Bambo ake ankawatchula kuti Apai Jimbun, kutanthauza a bambo a Jimbun, monga timachitira kwathu. Anali nkhalamba yochepa thupi, ya mphini zakuda pakhosi ndi m'mapewa, yokonda kuseka. Ndiwo ankatsogolera mabwato. Ankakonda kukhala pafupi nane ndikamajambula, ndipo mbalame ikalira ankanong'oneza dzina lake, ine n'kulemba pa bokosi la tepi. Ndinkayesa kuti n'chidwi chabe cha munthu wokalamba. Sindinafunse, ndipo safunsa anadya phula.

Masabata awiri anatha tisanaone nyani ndi mmodzi yemwe. Ndinadzaza matepi ndi achule, nyenje, mbalame ndi mvula, mvula yambirimbiri. Kenako alenje anabwera ndi nkhani yoti kumtunda kwa mtsinje, ulendo wa tsiku limodzi, mkuyu wina wapsa ndipo nyani wamkulu wamphongo wamanga pomwepo. Nkhuyu sizichedwa kutha, ndipo ife tinatsala ndi masiku anayi okha kuti titsike kukakwera ndege.

"Mbewe, nyani ameneyo amalira kumveka tsidya lina la phiri," anatero a Rowland. "Ukandigwirira kulira kumeneko, mapepala ako ndisayina tikangotera."

M'mawa mwake tinali padoko. Mabwato awiri anali atapakiridwa, amuna asanu ndi mmodzi ali ndi nkhafi ndi mitengo yopondera. Ine ndinakhala pa chitsa chapatali pang'ono, pafupi ndi tchire, kuti ndipatse mlamu moni. Mahedifoni anga anali atafa dzulo lake, chinyontho chitawalowa mpaka kuchita chuku, choncho ndinatsegula kasipika ka pabokosipo. Ndinabweza tepi, ndinadina batani. Kunamveka kambalame kakulira kamodzi, mawu akuthwa ngati wagogoda kabotolo. Liwiro linali bwino. Ndinatseka, ndinanyamula katundu wanga n'kutsikira kumadzi.

Ndinapeza anthu onse ataima. Apai Jimbun anali ndi mwendo umodzi m'bwato, wina pamtunda. Anaubweza mwendo uja pang'onopang'ono. Popanda woyankhula, amuna aja anayamba kutsitsa katundu amene anali atangomupakira, mpunga, mafuta a injini, mabokosi a kamera, n'kumakwera naye makwerero kubwerera kunyumba. Palibe anandiyang'ana. Onse ankaponya maso kutchire kumene ndinachokera.

Ndinaganiza kuti kwagwa maliro. Kenako ndinaganiza kuti kuli njoka. Ndinadziyang'ana ngati ndavala malaya mopidikula. A Rowland ankathamanga uku ndi uku, akugwira bokosi ili, lina likuwadutsa.

Jimbun anatikhazika pakhonde n'kutifotokozera. Kwa iwo pali mbalame zingapo zimene ndi akamwini a mulungu wawo wamkulu, ndipo ndizo zimabweretsa mauthenga. Ikalira iyi kumanja ndi zina, ikalira kumanzere ndi zina, ndipo bambo ake ndiwo ankamasulira zimenezi m'nyumba yonseyo. Imene inalira padoko inali ketupong, ndipo inalira mbali yoipa, munthu akuponda m'bwato. Palibe ulendo mpaka itamveka ina yotsegula njira.

"Mpaka liti?" anafunsa a Rowland.

"Mwina mawa. Mwina sabata. Mbalame siuzidwa," anayankha Jimbun.

 Ndinayang'ana bokosi la tepi ya dzulo, ndipo dzina lomaliza limene ndinalemba ndi dzanja langa linali ketupong. Ndinachita mantha, koma anatha msanga, ndinayamba kusangalala, poganiza kuti nkhani yatha. Ndinaimirira n'kunena kuti pepani, sinali mbalame, ndinali ine. Ndinabweza tepi, ndinadina batani, ketupong analiranso pakhonde pomwepo.

Anthu anadzidzimuka, kenako anaseka mpaka ena kugwira m'mimba. Apai Jimbun anaika khutu pa sipika n'kupempha kuti ndibwereze. Anagwedeza mutu mokondwa, akuti ndi yemweyo, ndamugwira bwino.

"Ndiye tipakire katundu?" ndinafunsa.

Jimbun anamasulira, bambo ake anayankha mwachidule, akumwetulirabe.

"Akuti ayi. Akuti m'bokosi lakomo muli achule, muli mvula, muli mbalame zambiri. Ndani anasankha kuti ilire imeneyo, nthawi imeneyo?"

"Palibe. Zinangochitika."

"Akuti n'zimene akunenazo."

Mutu wanga unaima. Ndinafotokoza za tepi, za maginito, za batani. Nkhalamba inamvetsera zonse mwaulemu, n'kundipatsa nthochi.

Masana a Rowland anandiitanira kuseri kwa nkhokwe ya mpunga. Anali atafufuza kwa Jimbun, ngati nkhani yocheza chabe, kuti mbalame yotsegula njira ndi iti. Inali nendak, ikalira kumanja.

"Uli nayo?"

"Ndili nayo, bwana. Tepi yachisanu ndi chinayi."

"Bokosi lako latseka njira, bokosi lomwelo litsegule. Mawa m'mamawa ukabisale kumanja kwa doko."

Ndinati sindikudziwa ngati n'zoyenera. Iwo anandifunsa ngati ine, Mkhristu, ndimakhulupirira kuti mbalame ili ndi apongozi kumwamba. Ndinati ayi. Anandifunsa ngati mkazi wanga akufuna kubwerera ku Dedza. Ndinati ayi.

Madzulo onse ndinkadzitsutsa ndekha. Mbalame ndi mbalame, ndinkatero. Koma ndinkakumbukiranso mayi anga, mayi wa Mvano weniweni, akubwerera panjira ya kuchigayo, thumba lili pamutu, chifukwa chopeza bilimankhwe akukumba pansi. Munthu atawaikira dala bilimankhwe panjira, ndikanamutcha dzina lanji? Komanso ngati tepi yawerengedwa lero, ilekerenji kuwerengedwa mawa? Mwina kwa iwo zonse n'chimodzimodzi ndipo sindikunamiza aliyense. Maganizo amenewa ndi amene ndinawagwiritsa, chifukwa ndi amene ankandikomera.

Kutangoyera ndinalowa m'tchire kumanja kwa doko, bokosi lili pachifuwa. Ndinakhala pansi pa mtengo, misundu ikundichitira phwando. Nditaona Apai Jimbun akutsikira kumadzi kukasamba kumaso, ndinadina batani. Nendak anaimba bwino zedi. Nkhalamba inaima chilili. Sinatembenuke. Ndinaganiza kuti sinamve, ndinabweza tepi, ndinadinanso. Nditasuzumira, padoko panalibe munthu. Ndinabwereza kachitatu, mokweza.

Ndinangomva fungo la fodya. Nditacheuka, Apai Jimbun anali atanjuta kumbuyo kwanga, Jimbun ataima pambali pawo. Sindikudziwa kuti anafika nthawi yanji. Tepi inali ikuzungulirabe, ndipo chala changa chinaiwala pamene pali batani.

Nkhalamba inayankhula motsitsa, yosaseka. Jimbun anamasulira akuyang'ana pansi.

"Akuti nendak saimba nyimbo imodzi katatu mofanana. Akutinso kumbuyo kwa nendak wakoyu kukugwa mvula, pamene kuno kwacha bwino."

Zinali zoona. Ndinaijambula tsiku la mvula, ndipo madontho ankamveka pamasamba. Ine amene ndinaphunzitsidwa kumva munthu akumeza malovu sindinaimve mvula imeneyo. Manyazi amene ndinachita pamenepo sindinawachitenso moyo wanga wonse.

Nkhani inakambidwa pakhonde, anthu onse alipo. Panalibe wokalipa, ndipo zimenezo zinandipweteka koposa. Anagamula kuti ndipereke nkhuku ndi chitsulo, zoziziritsira nyumba imene ndinaitenthetsa. Nkhuku ndinasinthanitsa ndi malaya anga a Lamlungu kwa mkazi wa Jimbun. Chitsulo ndinapereka sikuludiraiva yanga ya ku koleji. Nkhukuyo anaizunguza pamwamba pa mitu ya anthu, wanga womwe, akunena mawu ambiri, kenako anaipha. A Rowland anali kumapeto kwa khonde, akupukuta galasi la kamera ngati nkhaniyo akuimva koyamba. Sindinawatchule. Ndinkaganizabe za mapepala.

Zitatha ndinamukokera Jimbun pambali, chifukwa mutu unali usanakhazikike.

"Achimwene, ndithandizeni. Bokosi ndi lomweli, chala ndi chomwechi. Dzulo mwati ndi uthenga, simunandilipitse. Lero mwati ndi mlandu. Kusiyana kwake kuli pati?"

Anakafunsa bambo ake n'kubwera ndi yankho.

"Akuti dzulo sunkadziwa, ndiye mbalame inabwereka bokosi lako. Lero iwe wabwereka pakamwa pa mbalame."

M'mawa wotsatira nendak weniweni anaimba kumanja kwa doko. Ndinamumva ndi makutu anga, bokosi lili lotseka pansi pa mkeka. A Rowland anathamangira kwa nkhalamba. Iyo inapukusa mutu. Akuti malinga bokosilo lili m'nyumba muno, palibe mbalame imene angaikhulupirire, ndipo sangaike ana a eni ake pa mathithi ndi khutu lokayika.

Ndikanakonda kukuuzani kuti tsiku limenelo mtsinje unasefukira, kapena mtengo unagwera pamene tikanadutsa, kuti nkhaniyi ikhale ndi mutu. Ayi. Madzi anali phee masiku onse atatu, dzuwa likuwala. Nkhuyu zinatha, nyani anapita kwina, ife tinatsika mtsinje ndi matepi a achule. Potsanzikana Apai Jimbun anandigwira dzanja nthawi yaitali n'kundipatsa kachibangili ka mlaza. Mpaka lero sindidziwa ngati kanali kondikhululukira kapena amapatsa mlendo aliyense.

Titafika ku Nairobi, Lolemba lake a Rowland anandiitanira mu ofesi. Mapepala anga anali pa tebulo, osasayina.

"Mbewe, unaliza tepi pa sipika pakati pa anthu osafunsa, ndipo filimu yanga inafera pomwepo. Sindingakusunge."

"Ndi lamulo la a Wekesa, bwana. Mahedifoni anali atafa."

"Ukananena."

"Nanga za tsiku lachiwiri?"

Anandiyang'ana modabwa.

"Tsiku lachiwiri unachita zimene ndinakuuza. Pamenepo ulibe mlandu."

Ndinatuluka ndisakudziwa kuti ndilire kapena ndiseke. A Wekesa, thonje lili kukhutu, anandiperekeza mpaka pokwerera matatu. Anandipatsa mahedifoni awo akale m'kathumba, n'kundipepesa kuti, "Pole sana, Malawi. Ndinakuphunzitsa kupatsa moni makina, ndinaiwala eni dera." Ndinakwera matatu yolakwika, ndinazindikira tili kale chaku Kasarani.

Ntchito ya mawu sindinaisiye. Titabwerera kumudzi ndinajambula makwaya, masewero a pa wailesi, magule ndi misonkhano kwa zaka zoposa makumi atatu. Pa zimene ndinatola ku Borneo, zina n'zapafupi. Yenda ndi mahedifoni awiri. Usalize tepi mokweza kwa eni usanafunse kuti mawu amenewo amatanthauza chiyani kumeneko. Zimenezi ndinaphunzitsa aliyense amene anadutsa m'manja mwanga. Koma phunziro lenileni sindinalipeze m'nkhalango. Linandidikira ku Kawangware tsiku lomwelo.

Ndinapeza Esinati akuchapa matewera pakhomo. Ndinakhala pa ndowa yovundikira n'kumufotokozera zonse, kuyambira ketupong mpaka mu ofesi. Anamvetsera osasiya kuchapa.

"Ndiye akuchotsani chifukwa cha bodzalo?" anafunsa.

"Ayi. Andichotsa chifukwa cha tsiku limene sindinaname."

Anafinya thewera, analiyanika, anapukuta manja pa chitenje.

"A bambo a Tiya, ndiye kuti mukanakana kukabisala kutchire kuja, akanakuchotsanibe?"

Ndinali ndisanaganizepo zimenezo. Ndinaziyendetsa m'mutu uku ndi uku, ndipo yankho linali limodzi.

"Eya. Akanandichotsabe."

"Nanga munawanamiziranji agogo aja?"

Ndinatsegula pakamwa kuti ndinene kuti ndinachitira iye ndi mwana, koma m'mene anandiyang'anira, mawuwo anabwerera okha. Sanadikire yankho. Analowa m'nyumba n'kuyamba kutsitsa mapoto pa shelefu, kuwalowetsa lina m'linzake, kukonzekera ulendo wa ku Dedza.

Kuyambira pamenepo, bwana aliyense akandiuza kuti ndiike pa tepi m'manja mmene simunaombedwe, kapena nthungululu zimene sizinalizidwe, ndinkakana. Ena ankati ndine wamakani, mmodzi anandichotsanso ntchito. Ulendo umenewo ndinafika kunyumba ndili ndi choyankha.